Musadulepo Kanthu, Alamu

Alamu anga a ku Brampton anagula kamera pa nthawi imene mafilimu a ku Nigeria anali atalowa m'nyumba ya Mmalawi aliyense ku Toronto. Madisiki ake tinkabwerekana kutchalitchi ndi kumaphwando a ana, ena atakalikakalika moti filimu inkaima pakati, mayi wolira ali kukamwa yasa, mpaka wina adzuke akapukute disikiyo ndi malaya. Alamuwo ndi msuweni wa amuna anga. Ankagwira ntchito mu ofesi ya nyumba ina yosungiramo katundu, kukonza za mathiraki olowa ndi otuluka, koma chimene ankadziwika nacho pakati pathu chinali pakamwa. Ukwati uliwonse, chinkhoswe chilichonse, maikolofoni inkathera m'manja mwawo. Ankati palibe chimene anthu a ku Nigeria akuchita chimene Mmalawi sangachite, ndipo iwo ndi amene ayambe.

Ine ndinkadziwika ndi kukonda mafilimu. Ndinayamba ndili mtsikana ku Zomba, kupanikizana ndi anyamata pa mabenchi m'kanyumba ka vidiyo kumsika, mayi anga akuganiza kuti ndili kukwaya. Ku Scarborough, kumene tinkakhala, matikiti ankatsika mtengo Lachiwiri, ndiye ndikaweruka kunyumba ya okalamba kumene ndinkagwira ntchito, ndinkakwera basi kukaonera ndekha. Amuna anga ndinawatengako kangapo, koma magetsi akangozima ankayamba mkonono. Nthawi zambiri ndinkatuluka wokhumudwa. Filimu ankaichemerera mwezi wathunthu pa TV ndi pa zikwangwani za mu sabuwe, sitima ya pansi pa nthaka, koma ukalowa n'kupeza kuti zokoma zake zonse ndi zomwe anakuonetsa kale zija, zotsalazo ndi magalimoto kuphulika. Komabe sindinkasiya, ndipo anthu ankadziwa kuti akafuna kudziwa ngati filimu ili yabwino, afunse ine.

N'chifukwa chake sindinadabwe pamene Lamlungu lina masana alamu anakwera chikepe kudzatipeza pafulati yathu, iwo ndi akazi awo. Titamwa tiyi anandiuza kuti akufuna kupanga filimu ya moyo wathu wa kuno, yopanda mfiti ndi asing'anga, ya zinthu zenizeni. Anati akufunsa anthu angapo za tsiku limene linawavuta kwambiri chibwerereni ku Canada. Anafunsa mofatsa, atawerama, manja ali pa maondo. Amuna anga anali atatuluka ndi mwana kukagula mkaka, akazi a alamu ali kukhitchini. Sindikudziwa chimene chinandimasula pakamwa tsiku limenelo, koma ndinawauza za bambo anga.

Bambo anamwalira m'nyengo yanga yachiwiri yozizira kuno. Mapepala anga anali asanatuluke, ndipo loya anandiuza mosabisa kuti ndikatuluka m'dziko muno mwina sadzandilolanso kulowa. Mwana wanga anali akuyamwa. Ndiye sindinapite. Tsiku loika maliro, kwathu kunali masana, kuno kunali m'mawa, ndipo ine ndinali pa ntchito ya m'mawa. Ndinagula khadi loimbira foni pasitolo ya pansi pa fulati, n'kukaima m'kanyumba kagalasi ka pasiteji ya basi, sinowo ikugwa. Mlongo wanga wamng'ono anakweza foni yake m'mwamba kumanda kuja kuti ndizimva. Ndinamva amayi a kutchalitchi akuimba, ndinamva makasu, ndinamva mawu a azakhali anga pakati pa anthu onsewo. Nyimbo ili pakati, mawu a mzungu wamkazi wa m'makina analowerera n'kundiuza kuti mphindi zanga zatha. Basi inafika, ndinakwera. Nditafika kuntchito munthu woyamba kumusambitsa anali mdala wina wa msinkhu wa bambo anga. Ndinamusambitsa, ndinamupesa tsitsi, ndinamumanga mabatani a malaya mpaka m'khosi, iye akundiuza kuti manja anga akuzizira. Za mdalayu ndinali ndisanauze munthu aliyense, ngakhale amuna anga.

Alamu anamvetsera maso ali ndi misozi. Anandigwira dzanja n'kunena kuti Mulungu amaona. Patapita milungu ingapo akazi awo anaimba foni kubwereka chijasi changa chofiira, chachitali chofika m'maondo, chimene aliyense ankandidziwa nacho. Anati akufuna chovala chooneka bwino pa kamera. Ndinawapatsa mosaganizira kawiri.

Amene anandiuza zoona ndi mnzanga wa ku Chipata, amene tinkagwira naye ntchito ndipo alamu anamutenga kuti akhale m'modzi wa osewera. Tsiku lina pa nthawi yopuma anandipeza m'kachipinda komwera tiyi, anatseka chitseko, n'kukhala osavula n'komwe magolovesi. Anandiuza kuti iye ndi amene amavala chijasi chija. Munthu amene akusewerayo ndi mayi wa ku Zomba, wogwira ntchito yosamalira okalamba, wokhala ku Scarborough. Mufilimumo mayiyo amalandira foni yoti bambo ake amwalira, n'kuyankha kuti sangataye ovataimu chifukwa cha maliro. Kenako amapita kukagula nsapato. Pamapeto pake amachita misala, ndipo amalume ake anzeru amabwera kudzamudzudzula ndi kuchenjeza onse amene aiwala kwawo. Amalume anzeruwo anali alamu eniake.

Mnzangayo anati poyamba sanazindikire, chifukwa ankapatsidwa mawu ake pang'onopang'ono, koma tsopano akufuna kusiya. Ndinamumvetsera mpaka anamaliza. Kenako ndinamuuza kuti asasiye, amalize zonse monga amuuzira.

Amuna anga nditawafotokozera anakwiya, n'kutenga foni kuti aimbire msuweni wawo. Ndinawalanda. Ndinkadziwa mmene zikanathera. Alamu akanabwera ndi botolo la juwisi, akanati si ine, dzina ndi lina, nkhani ndi yopeka, akanapepesa ngati ndakhumudwa, ndipo ine ndikanakakamizika kunena kuti palibe kanthu. Zikanathera m'chipinda chochezera, pakati pa anthu anayi. Koma iwo sanakonze zondichititsa manyazi pakati pa anthu anayi. Anakonza zondipachika pakhoma pamaso pa Amalawi onse a ku Toronto, nditavala chijasi changa. Ndinkafuna kuti chimene chiwabwerere chiwabwerere pamaso pa anthu omwewo. Mmene ndikanachitira sindinkadziwa. Ndinagona nazo, kudzuka nazo, mpaka alamu eniake anandipatsa njira.

Anandiitana ku Brampton kuti ndikaone zimene ajambula asanazionetse kwa anthu. Mpaka lero sindimvetsa ngati ankaganiza kuti sindidzizindikira, kapena ankaganiza kuti ndinyadira. Ndinapita Loweruka, basi ziwiri ndi sabuwe, n'kutsika nawo kubesimenti, chipinda cha pansi pa nyumba yawo, kumene anaika kompyuta pafupi ndi makina ochapira. Anandipatsa mpando wabwino, iwo n'kukhala pa katoni.

Ndaonera mafilimu oipa ambiri pa moyo wanga, koma imeneyi inali ya mtundu wake. Inayamba ndi galimoto ya alamu ikuyenda mumsewu waukulu wochokera ku eyapoti, ndipo tinayenda nayo ulendo wonse, palibe wolankhula, kumangoona msana wa thiraki ya kutsogolo ndi mawaipa akupita uku ndi uku. Munthu akalowa m'nyumba, kamera inkamudikira kuti amasule zingwe za nsapato, apachike jekete, kenako apereke moni kwa aliyense payekhapayekha, kufunsana za ana ndi za kumudzi mpaka onse atatha. Zochitika za kukhitchini sizinkamveka chifukwa firiji inkalira kuposa anthu. Za panja mphepo inkalowa m'maikolofoni ngati munthu akung'amba nsalu. Wina akakhumudwa, nyimbo ya pa kiyibodi inkabwera mwamphamvu kukuuza kuti tsopano khumudwa. Panali malo amene kamera inangoyenda pang'onopang'ono m'chipinda chawo chochezera, kuonetsa masofa, TV, kabati ya magalasi ndi zithunzi za ukwati wawo, popanda munthu aliyense. Ndipo panali alamu, pampando waukulu, atavala suti, akuyang'ana kamera m'maso n'kumalankhula za chikhalidwe, za makolo, za ana a masiku ano, kulankhula osapuma ngati ali paukwati umene palibe wowalanda maikolofoni.

Pakati pa zonsezi panali ine. Ndinadziona ndikugula nsapato. Ndinadziona ndikutafuna chingamu uku ndikumva za imfa ya bambo anga. Koma nkhope ndinaisunga bwino. Malo amodzi okha anali akuda, opanda chithunzi. Alamu anati pamenepo padzakhala mayi uja pasiteji ya basi, akumvera maliro pafoni monyong'onyeka, koma akudikira kuti sinowo igwe yokwanira kuti akajambule.

Itatha anayatsa magetsi n'kundiyang'ana ngati mwana amene wabweretsa lipoti kunyumba. Anati mnzawo wa kuntchito amene akuwathandiza pa kompyuta akuti yatalika kwambiri, adule theka lonse, makamaka za galimoto ndi zolankhula zawozo.

"Inu mumadziwa mafilimu, alamu," anatero. "Ndidule pati?"

Ndinayang'ana kompyuta, ndinayang'ana iwo.

"Musadulepo kanthu, alamu. Anthu athu amakonda chinthu chokwanira."

Nkhope yawo inawala. Anati ankadziwa kuti munthu wa kwathu ndi amene angamvetse. Kenako anaulula kuti panali kulankhula kwina kwachiwiri, kwa za ulemu wa akazi apabanja, kumene anachotsa kale. Ndinawafunsa kuti anachotseranji mawu ofunika chotero. Anakubwezeretsa ine ndili pomwepo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala mthandizi wawo wamkulu. Iwo ankaganiza zoonetsera filimuyo kunyumba kwawo, kwa anthu ochepa. Ndinawauza kuti ntchito yotere siyenera kubisidwa m'nyumba, apeze holo. Ndinatenga foni n'kuyamba kuitana anthu. Ndinaitana amayi a kutchalitchi kwathu ndi a matchalitchi ena. Ndinaitana azibambo achisilamu a ku Mangochi ndi ku Nkhotakota amene ankachita malonda, n'kuwauza kuti abwere ndi mabanja awo. Ndinaitana a ku Zambia. Ndinaitana ngakhale Amalawi a ku Oakville, amene sankabwera kawirikawiri kuzochitika zathu, n'kuwauza kuti imeneyi ndi mbiri, asadzamve kwa ena. Aliyense ndinkamuuza kuti abwere ndi ana, aone chikhalidwe chawo. Za chakudya ndinakonzanso ine. Ndinati anthu akadya kaye amagona, choncho chakudya chidzaperekedwe filimu ikatha, ndipo matebulo ake aikidwe m'holo momwemo, kumbuyo.

Amuna anga ankandiyang'ana ndikuimba mafoniwo n'kumapukusa mutu. Tsiku lina anandifunsa ngati ndikudziwa kuti anthu onsewa adzaona chijasi chija. Ndinati ndikudziwa. Ndinali nditawerengera kale kuti ululu umenewo ndiupirira, bola ndione mathero.

Tsikulo linali Loweruka masana, kumapeto kwa nyengo yozizira, sinowo itasanduka matope akuda m'mbali mwa misewu. Holo inadzaza mpaka ena anaima kukhoma. Mipando inali yachitsulo yopinda ija, imene imayamba kuluma munthu asanakhalitse. Kumbuyo kunali mapoto a mpunga, nkhuku yokazinga, nyama ya mbuzi, masamusa ndi mandasi, zonse zitavindikiridwa, fungo lokha likuyenda m'holo monse. Alamu anavala suti yomwe ija ya mufilimu. Analankhula kaye kwa nthawi ndithu, n'kundithokoza ine pondiloza ndi dzanja, kuti ndine amene ndinawalimbikitsa. Anthu anaomba m'manja. Ndinamwetulira n'kuweramitsa mutu.

Chijasi chitangoonekera pakhoma ndinamva mipando ikulira, anthu akutembenuka. Ena anandiyang'ana mobisa, ena mosabisa. Mayi wina kumbuyo kwanga ananong'oneza mnzake dzina langa. Pamene mnzanga uja ankayesa nsapato m'sitolo, ndinamva ngati andivula pagulu. Ndinakhala chowongoka, maso kutsogolo, manja pamiyendo. Ndinadziuza kuti ndidikire, firiji ikubwera.

Ndipo inabwera. Ana aang'ono ndi amene anayamba, kutsika m'mipando n'kumathamangitsana m'mbali. Achinyamata obadwira kuno ankafunsa amayi awo m'Chingerezi, mokweza, kuti chinthuchi chitha liti. Azibambo anayamba kutuluka m'modzim'modzi, ati kukaona ngati magalimoto anawaimika bwino. Moni uja atafika pa munthu wachisanu m'chipinda chimodzi, wina m'holo anayankha kuti tili bwino kaya inu, anthu n'kuseka. Anasekanso pamene alamu anaonekera pagalasi la galimoto atanyamula kamera, lilime lili panja. Anaseka kwambiri pamene bambo wina mufilimumo anakomoka ndi chisoni koma asanagwe anayamba wayang'ana pansi kuti aone pogwera. Paliponse pamene alamu ankafuna misozi panabwera phwete, ndipo pamene ankafuna kuti anthu aseke panali zii. Ine ndinkawayang'ana iwo kuposa khoma. Anali ataima pafupi ndi makina oonetsera, akupukuta khosi ndi kansalu, akumwetulira kumwetulira kouma. Ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo m'nyumba ya mafilimu ina iliyonse.

Kenako panafika malo aja amene ndinali ndisanawaone.

Kanyumba kagalasi, sinowo ikugwa, mayi wa chijasi chofiira ali yekha ndi foni kukhutu. Alamu anali ataikamo nyimbo yeniyeni ya pamaliro, yojambulidwa kumudzi, mawu a amayi akumveka patali ngati mmene amamvekera pafoni. Mnzanga anayamba monga anamuuzira. Anayang'ana wotchi, anayasamula. Koma nyimbo itapitirira, milomo yake inayamba kuyenda yokha kutsatira mawu. Sanalire mofuula. Anangotembenukira kugalasi, n'kutsamiritsa chipumi pamenepo, akuimba chamumtima, mpweya wake ukuchita nthunzi pagalasipo. Mawu a m'makina aja atalowerera kunena kuti mphindi zatha, iye sanachotse foni kukhutu. Anaigwirabe, akumvetsera chinthu chimene kulibe. Basi inafika, chitseko chinatseguka, dalaivala anadikira. Anapukuta nkhope ndi mkono wa chijasi, anafufuza tikiti m'thumba, n'kukwera. Kamera inkanjenjemera chifukwa wojambula anali atazizidwa.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti mnzangayo nayenso anaika mayi ake pafoni, ali m'chipinda chochapira zovala pansi pa fulati ina ku Scarborough, ndipo sanauzepo munthu. Alamu anafuna kuti abwereze, achite monyong'onyeka monga anagwirizana, koma iye anakana, ndipo mawa lake sinowo inasungunuka.

M'holo munali chete moti firiji ikanamveka. Mayi wa mpango amene anakhala pafupi nane, wa ku Mangochi, anaphimba nkhope ndi mpangowo, mapewa akugwedezeka. Bambo wina wa ku Oakville anavula magalasi n'kumangowapukuta. Amene anatuluka aja anali ataima pakhomo, osalowa, osabwerera. Ine misozi inkatsika ndipo sindinaipukute, koma pansi pa misoziyo mkwiyo unali ukuwira kuposa kale. Tsiku langa linali pakhoma, lenileni, ndipo munthu amene analiba anali ataima apo ndi suti.

Chithunzi chinasintha. Anaonekera alamu pampando waukulu uja, chala m'mwamba, n'kuyamba kunena kuti mwana amene saponya dothi m'manda a bambo ake ndi wotembereredwa, kuti ndalama za kunja zatichititsa khungu, kuti mayi ngati ameneyu sayenera kutchedwa Mmalawi.

Kung'ung'udza kunayambira kumbuyo n'kufalikira. Apa ndi pamene ndinaona chinthu chimene ngakhale ine, ndi chiwembu changa chonse, sindinachiganizire. Ndinkawerengera kuti filimuyo igwa chifukwa cha kutalika. Koma alamu anali atadzaza holo ndi anthu amene pafupifupi aliyense anali ndi maliro ake amene sanapiteko, kenako n'kuwaimirira kutsogolo kuwatemberera. Kutalika anthu akanakhululuka, akanaseka n'kudya mpunga n'kumapita. Firiji akanakhululuka. Anthu athu amaonera madisiki okalika mpaka kumapeto ngati akuona kuti wopanga filimuyo akuwadziwa. Ichi ndi chimene alamu analibe. Anamva nkhani yanga yonse, misozi ili m'maso, koma anatolamo chijasi ndi siteji ya basi basi.

Bambo wina wachikulire wa ku Mangochi, wamalonda amene tonse tinkamulemekeza, anaimirira pakati pa mdimawo. Sanakweze mawu, koma anamveka.

"Inu amene mukulankhula pakhomapo, bambo anu akali moyo?"

Tonse tinkadziwa kuti makolo a alamu onse awiri anali moyo, ndipo anali atabwera kudzacheza kuno chilimwe chapitacho, tinadya nawo limodzi kupaki. Bamboyo anadikira pang'ono, kenako anatenga chipewa chake, anayenda kupita kumbuyo, n'kuvundukula poto wa mpunga. Anadzigawira bwinobwino. Akazi ake anamutsatira, kenako ena, kenako mzere wonse. Wina anayatsa magetsi a kumbuyo. Posakhalitsa holo yonse inali itatembenukira kumatebulo, mbale zikulira, ana akulimbirana masamusa, pamene pakhoma alamu ankapitiriza kudzudzula mipando yopanda anthu. Chithunzi chawo chinali chitafooka ndi kuwala kwa magetsi, koma mawu ankamvekabe. Kulankhula koyamba kutatha panabwera misala ya mayi uja, imene palibe anaiona, kenako kulankhula kwachiwiri kuja, kwa ulemu wa akazi apabanja.

Ine sindinadzuke. Njala inali itandigwira, koma ndinakhala pampando wanga wachitsulo, ndekha mumzere wonse, kuti alamu akayang'ana aone kuti ndilipo. Akazi awo anapita kukawanong'oneza kuti azimitse, iwo anakana ndi mutu. Ndinaonera mpaka mayina anayamba kukwera, dzina lawo likubwera pa wolemba, pa wojambula, pa wotsogolera, pa wosankha nyimbo. Atazimitsa makina ndinapita pamene anaima.

"Zikomo alamu," ndinatero. "Ine ndaonera yonse."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti pamenepo ndi pamene anayamba kuzindikira. Anawerama n'kuyamba kukulunga mawaya.

Kumatebulo anthu sankakamba za filimu. Ankakamba za maliro. Mayi wa mpango uja anandigwira mkono n'kundiuza za mchemwali wake. Bambo wina anati iye anamvera maliro a mwana wa mchimwene wake ali m'thiraki, ataima m'mbali mwa msewu. Palibe anandifunsa ngati ndinagula nsapato tsiku limenelo. Mnzanga wa ku Chipata anali atabisala kukhitchini ya holoyo, koma amayi anakamutulutsa n'kumamukumbatira m'modzim'modzi, iye akuchita manyazi ngati wagwidwa akuba.

Pobwerera m'galimoto amuna anga anadikira mpaka tinadutsa eyapoti. Kenako anati zimene ndachita ndi nkhanza, munthu uja ndi m'bale wawo ndipo adzavutika kuonekeranso pagulu. Ndinawayankha kuti ine sindinagwire kamera, sindinalembe mawu, ndinangomupatsa munthu zimene ankafuna. Anati ndicho chimene chikuwaopsa. Sitinakambirenso.

Chilimwe chonse chimenecho alamu sanaoneke. Ukwati wina unachitika, maikolofoni anagwira munthu wina, ndipo mwambo unatha nthawi yabwino moti anthu anavina mpaka kukhuta. Madisiki amene anakonza kuti azigulitsa anakhala m'makatoni. Amene ankawafuna ankafunsa ngati n'zotheka kuwaikira malo a pasiteji okhawo.

Masamba atayamba kugwa anandiimbira foni. Ndinali ndikupinda zovala. Atapereka moni wautali, anafika pa chimene anaimbira.

"Munkadziwa kuti yatalika?"

"Ndinkadziwa."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Inu munandiuza kuti mukandiika pakhoma?"

Anayamba kufotokoza kuti sanali ine, kuti anaphatikiza nkhani za anthu ambiri, kuti wolemba amatenga apa ndi apo. Ndinawasiya alankhule. Kenako mawu awo anasintha, n'kunena kuti komabe anthu ambiri awauza kuti malo a pasiteji aja ndi amphamvu, kuti mwina ali ndi mphatso, angofunika kamera yabwino. Ndinawauza kuti malo amenewo sanapange iwo. Anapanga ndi mayi amene anakana kuwamvera, ndi sinowo imene inasungunuka asanawononge. Foni inaduka.

Sanapepese, ndipo ine sindinawapemphe kutero. Tikakumana kumaliro kapena kuukwati timapatsana moni wa ulemu wonse, kufunsana za ana, aliyense n'kupita kumpando wake. Akazi awo amandidutsa ngati sakundiona. Amuna anga amapita okha ku Brampton, ndipo akabwerako sindifunsa kuti kuli bwanji. Pa Khirisimasi ya chaka chimenecho abusa athu analalikira za kukhululuka, akuyang'ana mbali imene ndinakhala nthawi zambiri kuposa mbali zina. Ndinamvetsera mpaka kumapeto, ndinaimba nawo nyimbo yotsekera, ndipo potuluka ndinawagwira chanza n'kuwauza kuti ulaliki unali wabwino, ungofunika kufupikitsa pang'ono.